Mwagona Bwanji, Rungwe?

Ku Tukuyu munthu akakumana nawe sakufunsa ngati wadzuka bwino. Amakufunsa ngati wagona. "Ughonile," amatero, kaya ndi m'mawa kaya dzuwa lili paliwombo. Alamu anga, amene anabadwira ku Karonga, ankayankha ngati ali pakhonde pa kwawo, chifukwa Chingonde chawo ndi Chinyakyusa cha kutsidya kwa Songwe n'zapachibale kwambiri moti palibe amene amafuna womasulira. Ine wa ku Dedza ndinkangovomera ndi mutu. Koma moniwo unandikhala mumtima, pakuti ulendo wonsewo tinauyenda kuti tikaone chinthu chimene chagona. Kumpoto kwa tauniyo, kupitirira minda ya tiyi ndi nthochi, kuli phiri lalikulu lobiriwira lotchedwa Rungwe, ndipo akatswiri amaliwerengera m'gulu la mapiri ophulika amene ali mtulo.

Ndakhala ndikuphunzitsa jogalafe kusekondale kwa zaka zambiri. Chaka chilichonse ndimajambula pabolodi chithunzi chomwe chija: phiri losongoka, chimpopi pakati, chiphalaphala chofiira chikutsetsereka uku ndi uku. Ndimatchula Vesuvius wa ku Italy, Fuji wa ku Japan, mwinanso Kilimanjaro. Ana amalemba, amaloweza kuti mapiri otere ena ngamoyo, ena ngogona, ena ngakufa, ndipo mayeso akabwera amakhoza. Chimene chimandiwawa n'chakuti zaka zonsezo sindinawauzepo kuti munthu akhoza kudya kadzutsa ku Karonga n'kukadya nkhomaliro patsinde pa phiri lotere. Sindinawauze chifukwa inenso ndinkalidziwa ngati dzina chabe pamapu. Amene anandikankha ndi alamu angawo. Tsiku lina ali kwathu anandimva ndikukonzekera phunziro, nati, "Alamu, mukuvutikiranji ndi za ku Italy? Kukakhala kopanda mitambo, mapiri amenewo timawaona tili kwathu."

Tinawoloka mlatho wa Songwe m'mawa wina mu Ogasiti, sukulu zitatsekera. Ukangowoloka umasuntha wotchi ola limodzi kutsogolo, ndipo ku Kasumulu, tsidya la Tanzania, madaladala, maminibasi akumeneko, amakhala akuitanira kale a ku Tukuyu ndi Mbeya. Poyamba dziko limafanana ndi la ku Kaporo: chigwa chotentha, minda ya mpunga, ng'ombe m'mphepete mwa msewu. Kenako msewu umayamba kukwera ndipo susiyanso. Posapita nthawi anthu amatseka mawindo, amayi n'kumafunditsa ana zitenje. Nthaka imasintha, imakhala yakuda bii ndi yofewa. Nthochi zili paliponse, mpaka nyumba zina umangoziona denga. Tiyi, mapeyala, mbatatesi, kabichi, zonse zobiriwira pa nthawi imene kwathu tchire lauma kale ndipo ana ayamba kusaka mbewa m'malupsa. Mvula kumeneko m'malo ena imafika mamilimita 3,000 pachaka, kuposa katatu ya ku Lilongwe. Mwera womwe uja umavutitsa asodzi ku Nkhotakota umayenda nyanja yonse ukutola chinyezi, ukafika kumathero kwa nyanja umagunda mapiri amenewa, n'kukhuthula zonse pomwepo.

Tukuyu ndi tauni yaing'ono yozizira, imene pa nthawi ya Ajeremani inkatchedwa Neu Langenburg. Patsinde pa phiri pali mishoni yakale ya a Moravian, imene inayamba mu 1891, ndipo njira yathu inayambira chakumeneko. Nkhalango ya Rungwe njotetezedwa, choncho sulowamo wekha: umatenga chilolezo kwa a zankhalango ndipo umapita ndi wokutsogolera. Wathu anali bambo wachikulire ndithu, wovala magambutsi, chikwanje m'manja, wosalankhulalankhula. Anatiuza kuti tikumane "saa kumi na mbili," ndipo alamu anandimasulira kuti m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira potuluka dzuwa, moti teni ndi ziwiri yawoyo ndi 6 koloko yathu ya m'mawa. Tinanyamuka nkhungu idakali m'minda ya tiyi.

Mapiri ndimawadziwako. Mulanje ndakwera kangapo, ndipo pa Sapitwa ndinafikapo kawiri. Anthu ambiri kwathu, ngakhale ophunzira, amaganiza kuti Mulanje kale linali phiri lophulika. Ayi. Mulanje ndi chimwala chimene chinasungunuka n'kuumira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, chosatulukira kunja. Mvula ndi mitsinje ndizo zinakokolola pang'onopang'ono miyala yofewa yochizungulira mpaka chinatsala poyera. N'chifukwa chake pa Mulanje phazi limaponda thanthwe, ndipo manja amagwira thanthwe. Rungwe ndi mtundu wina. Linadziunjika lokha, chiphalaphala pamwamba pa phulusa, phulusa pamwamba pa chiphalaphala, monga mmene chiswe chimamangira chulu. Msinkhu wake ukupitirira mamita 2,950, kungoperewera pang'ono pa Sapitwa wa mamita 3,002, koma kakweredwe kake nkosiyana kotheratu. Pa Rungwe phazi limalowa m'nthaka. Umaponda sitepe imodzi, theka lake n'kubwerera m'mbuyo. Chogwira ndi mizu ndi nthambi basi, ndipo matope ake ngoterera ngati therere.

Pamalo ena madzi anakumba njira mpaka kulekeza m'chiuno, ndipo m'mbali mwake nthaka inkaoneka mizeremizere: wakuda, wachikasu, wotuwa, wakudanso. Ndinaima. Bambo aja anaona kuti ndaima, anabwerera, anazula kamwala kotuwa mumzere umodzi ndi nsonga ya chikwanje n'kundiika m'manja osanena kanthu. Kanali kakukula ngati dzira la nkhuku, kodzaza timabowo, kopepuka ngati chitsononkho. Mwala umenewu ndinauphunzitsa kambirimbiri, koma ndinali ndisanautolepo pamalo pamene unagwera. Ndi thovu la mwala. Mwala wosungunuka ukakhala pansi kwambiri umasunga mpweya m'kati mwake, monga chakumwa cha gasi chikadali chotseka. Ukatulukira kunja mwadzidzidzi mpweya uja umafufuma, mwala wonse umasanduka thovu, ndipo thovulo limauma lidakali m'malere.

Akatswiri amene anafufuza mizere imeneyi amati zaka pafupifupi 4,000 zapitazo Rungwe linaphulika koopsa. Utsi ndi phulusa zinakwera makilomita oposa 30 kumwamba, ndipo timiyala ngati kamene ndinagwira kaja tinagwa ngati matalala dera lonse. Phulusa la kuphulika komweko linapezeka m'matope a pansi pa nyanja yathu, chakumpoto, pamene ofufuza anaboola n'kutulutsa matopewo. Pansi kwambiri m'matope omwewo anapezamonso tizidutswa ta phulusa la Toba, phiri la ku Sumatra limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Nkhani ya Toba njodabwitsa, koma imene inandigwira ine ndi ya Rungwe. Linalipo tsiku limene kumpoto kwa nyanja imene timadyamo usipa kunada masana, madzi n'kuyera ndi timiyala toyandama. Anthu analipo kale m'dera lino nthawi imeneyo, alenje ndi otola zipatso za m'tchire. Wina anayang'ana kumwamba tsiku limenelo. Ndinaika kamwalako m'thumba la jekete.

Nkhalango ya Rungwe njakuda, yonyowa, yonunkhira masamba owola. Mitengo yake yavala ndere mpaka kunsonga. Tinawoloka mizere ingapo ya linthumbu, ndipo pamalo amodzi anyani akuda a ubweya woyera m'mapewa anatidutsa pamwamba, michira ikulendewera. Koma nyama imene imakokera alendo ambiri kuno ndi kipunji, pusi wotuwira, wa ubweya wautali ndi tsumba pamutu, amene kulira kwake kumayamba ngati lipenga n'kuthera ngati kuuwa kwa galu. Asayansi anamuona koyamba mu 2003, ndipo mu 2006, atamuyeza bwino, anapeza kuti sakukwana m'banja lililonse la apusi odziwika, n'kumupatsa banja lakelake lotchedwa dzina la phirili, Rungwecebus. Zoterezi zinali zisanachitike kwa pusi aliyense wa mu Africa chiyambire 1923. Atawawerenga koyamba anapeza kuti onse pamodzi, a kuno ndi a ku mapiri a Udzungwa, angopitirira 1,100 pang'ono.

Ife sitinamuone. Bambo aja anaima kawiri, kutchera khutu, kenako n'kupitiriza. Alamu anawafunsa m'chinenero chawo ngati zili zoona kuti pusiyo anatulukiridwa posachedwa. Anaseka pang'ono, nayankha kuti bambo awo ankamudziwa, agogo awonso ankamudziwa, ndipo dzina lakuti kipunji silinabwere pa ndege. Mawu amenewo ndinawasunga. Sindikuchepsa ntchito ya asayansi, chifukwa popanda iwo nkhalangoyi mwina ikanatha ndi macheka ndi makala, ndipo chitetezo chimene ili nacho lero chinakula chifukwa cha pusi ameneyu. Koma ndimafuna ana anga a sukulu adziwe kuti chinthu chikhoza kukhala chachilendo m'mabuku chili chakalekale kwa eni dera.

Mitengo ikatha mumayamba nsungwi, ndipo apa mpamene phiri limakuyesa. Nsungwi zakugwa zapingasa njira, umawerama, umakwawa, chikwama n'kumakodwa. Mpweya umachepa, ndipo mtima ndinkaumva ukugunda m'makutu. Alamu, amene anayamba ulendo akuimba nyimbo za kwaya, apa anali chete. Sindinganene kuti tinakwawa nthawi yaitali bwanji, koma mwadzidzidzi kunayera, nsungwi zinatsala m'mbuyo, tinatulukira pa udzu waufupi ndi tizitsamba tolimba, mphepo yozizira ikuomba kumaso. Apa ndi apo panali mitengo ya paini imene mbewu zake zinauluka kuchokera m'nkhalango zobzala kumunsi. Vuto lomwe lija tinali nalo pa Mulanje, la paini wolanda malo a mitengo ya chilengedwe, kuno liliponso.

Pamwamba pa Rungwe palibe nsonga yakuthwa ngati ya pabolodi langa. Pali chibeseni chachikulu, makilomita 4 kuchoka mbali ina kufika ina, chogumuka chakumadzulo. Phiri likakhuthula zam'mimba mwake, denga limatsala lopanda chochirikiza ndipo limagwera m'kati. Chibesenicho ndi chipsera cha zoterezo. M'kati mwake mwamera udzu ndi mitengo, ndipo muli timapiri ting'onoting'ono tozungulira, timene tinatuphuka pambuyo pake. Utsi kunalibe, fungo kunalibe. Kunali zii, mphepo yokha.

"Ndiye moto uja uli kuti?" anafunsa alamu, akupumira m'mwamba. Ndinamva kuti akhumudwa pang'ono.

Bambo aja anagogoda pansi kawiri ndi chigwiriro cha chikwanje. Kenako analoza kum'mwera chakum'mawa, kumene kunali phiri lina lalifupi, nati, "Kyejo."

Rungwe silili lokha. Lili ndi anzake awiri akuluakulu, Ngozi chakumpoto ndi Kyejo chakum'mwera, kuphatikizapo timapiri ndi tinyanja tozungulira tambirimbiri, monga Masoko, timene tinabadwa pamene mwala wamoto unakumana ndi madzi a pansi n'kuphulitsa nthaka. Rungwe linaphulika komaliza cha m'ma 1250, Ngozi cha m'ma 1450. Koma Kyejo ndi wadzulodzuloli: cha m'ma 1800 chiphalaphala chinatuluka pa timapiri ta Sarabwe ndi Fiteko, chinayenda makilomita pafupifupi 8 n'kukwirira midzi ingapo. Zaka mazana awiri si kale ayi. Ndi nthawi ya agogo a agogo a agogo athu, mafumu a Kalonga adakakumbukika bwino, Angoni asanawoloke Zambezi. Mpaka lero kumeneko nthaka imapuma mpweya woipa uja timatulutsa popuma, wochuluka moti kampani ina imautapa, kuuthira m'mathanki n'kukaugulitsa kwa opanga zakumwa za gasi. Mpweya umenewu ngolemera kuposa umene timapuma, choncho umadikha m'maenje, ndipo kanyama kakalowamo sikatulukanso. Ndi mpweya womwewu umene unatuluka m'nyanja ya Nyos ku Cameroon usiku wina mu Ogasiti 1986 n'kupha anthu oposa 1,700.

Nkhungu inang'ambika kwa mphindi zochepa, ndipo tinaona nyanja. Kumeneko amaitcha Nyasa. Inali kutali, yotuwa ngati lata, mapiri a Livingstone ataima chilili m'mphepete mwake ngati khoma. Kum'mawa kunali chitunda cha Kitulo, chimene eni ake amachitcha munda wa Mulungu chifukwa cha maluwa ake. Tizinthu tokumba pansi timene amapangira chikanda chodyedwa ku Zambia tambiri tinkachokera kumeneko, ndipo kukumba kopitirira muyeso n'kumodzi mwa zifukwa zimene malowo anawasandutsira paki. Koma maso anga anabwerera kunyanja. Kuchokera pamwambapo zimene ndimaphunzitsa zinaoneka ndi maso: chigwa chachitali chotitimira, makoma mbali zonse ziwiri, madzi atadzaza pakati. Africa ikung'ambika pamenepa, mamilimita ochepa chabe pachaka. Mng'alu wa nyanja yathu ukafika kumpoto umakumana ndi ina iwiri, wa ku Rukwa ndi wa ku Usangu, ndipo pamphambano pamenepo, pamene nthaka yasweka kwambiri, mpamene moto unapeza potulukira.

Tinatsika mvula yamawawa ikugwa, ndipo za kutsikako sindinena zambiri. Tinafika kumunsi kutada, matope mpaka m'mawondo.

Masiku awiri otsatira tinayenda ndi miyendo yowawa kukaona zizindikiro zina. Pa mtsinje wa Kiwira pali mlatho wa mwala umene chiphalaphala chakale chinasiya, wotchedwa Daraja la Mungu, kutanthauza mlatho wa Mulungu. Ku Ngozi unali ulendo waufupi, wodutsa m'nsungwi ndi nthochi zakutchire, ndipo ukafika pamphepete nthaka imangothera pamapazi ako: pansi penipeni pali nyanja yobiriwira, makilomita 2.5 m'litali, yotsekeredwa ndi makoma a nkhalango mbali zonse. Imaoneka yozizira ndi yodekha. Koma ofufuza anapeza kuti pansi pake pamatumphuka madzi otentha a mchere, ndipo n'chifukwa chake kampani ya boma la Tanzania yoona za kutentha kwa pansi pa nthaka, TGDC, yaika maso pa Ngozi ndi pa Kyejo, kufuna kupangirapo magetsi. Chakumunsi, kumene phiri limatsikira kuchigwa cha Kyela, anatitengera pa kasupe wina wotentha. Madzi ake ankatuluka m'ming'alu akuchita thovu, miyala yozungulira itachita dzimbiri. Ndinaviika chala n'kuchichotsa msanga. Pamwamba pa phiri sindinaone moto, koma apa unandigwira.

Mmene zimachitikira n'zosavuta kumva. Mvula yambiri ija siithera m'mitsinje yonse. Ina imalowa m'ming'alu n'kutsika makilomita angapo, kukafika pa miyala imene idakali yotentha. Kumeneko madzi amatentha kupitirira madigiri 200 koma sawira, chifukwa kulemera kwa zonse zili pamwamba kumawapanikiza. Akapeza mng'alu amakwera okha, ndiwo akasupe aja. Anthu akaboola chitsime chakuya makilomita awiri kapena atatu, madziwo amathamangira kumwamba, amasanduka nthunzi yamphamvu, nthunziyo imazunguza makina opangira magetsi, ndipo madzi otsala amawabwezera pansi kuti akatenthenso. Ku Kenya anayamba zimenezi mu 1981 pa Olkaria, pafupi ndi Naivasha, ndipo lero amapeza mamegawati oposa 800 kuchokera pansi pa nthaka, kuposa kawiri magetsi onse amene timapanga pa mtsinje wa Shire. Magetsi amenewa sadikira mvula, sadikira dzuwa, saopa zinyalala za m'madzi. Vuto lake lili poyambira: chitsime chimodzi chimadya madola mamiliyoni angapo, ndipo ukhoza kuboola n'kupeza kuti pansipo mpouma.

Nditaima pa kasupe uja ndinakumbukira Chiweta. Aliyense amene anatsikapo mapiri aja popita ku Karonga anadutsa pafupi ndi madzi otentha kupitirira madigiri 70. Ndinakumbukira Mawira ku Nkhotakota, kumene dzina lenilenilo likunena zonse. Ndinakumbukiranso Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ana anga a Fomu 4 n'kumawerengera tochi za pafoni miyezi yambirimbiri. Sindikufuna kunamiza munthu. Akasupe athu si a Olkaria. Pansi pa Chiweta palibe phiri lamoto. Madzi ake amatentha chifukwa amatsika kwambiri m'ming'alu ya chigwachi n'kubwerera msanga, choncho kutentha kwake nkocheperako. Komabe alipo makina amene amapanga magetsi ndi madzi osatentha kwambiri, ndipo ngakhale magetsi atakanika, kutentha kokhako ndi chuma. Ku Naivasha amafunditsa nako maluwa m'mashedi usiku. Ife timadula mitengo kuti tiwambe nsomba ndi kuumitsa fodya, madzi otentha akungotayikira m'nyanja usana ndi usiku. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndikanakonda mwana mmodzi mwa amene ndimawaphunzitsa akanadzasankha kuphunzira za miyala chifukwa cha Chiweta.

Usiku womaliza ku Tukuyu tinadya nthochi zophika ndi nyama, ndipo alamu anayamba nkhani imene sakonda kuikamba. Mu Disembala 2009 anali kwawo ku Karonga pamene zivomerezi zinayamba pa 6, n'kumabwerezabwereza mpaka chachikulu cha mphamvu ya 6.0 chinafika patatha milungu iwiri, usiku. Anati chimene sadzaiwala ndi phokoso, ngati chilole cholemera chikudutsa pansi pa bedi. Khoma la nyumba ya amayi awo linang'ambika moti dzanja linkalowa. Anagona panja milungu ingapo, nyengo ya dzinja, ana ali pansi pa mapepala apulasitiki, ndipo ngakhale zitatha, mayi awo anatenga nthawi asanavomere kugonanso m'nyumba ya njerwa.

"Alamu, ndiye kuti ndi phiri lija linkatigwedeza?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti ayi. Zivomerezi za ku Karonga zinachokera m'ming'alu ya pansi pa Karonga pomwepo, monganso chija cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinachokera m'ming'alu ya kumeneko. Koma mayi wake ndi mmodzi. Kung'ambika komwe kunakumba nyanja ndi komwe kumatenthetsa madzi a ku Chiweta, ndi komwe kunagwetsa makoma ku Karonga, ndi komwenso kunaunjika Rungwe. Malire a pa Songwe ali pamwamba pokha. Alamu anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti tonse timagona pa mphasa imodzi."

Mawu akuti phiri logona amanyenga. Amamveka ngati chinthu chaulesi, chimene chinatopa. Pinatubo wa ku Philippines anagona zaka pafupifupi 500, nkhalango inamera, anthu analima m'mbali mwake ndipo ambiri sankadziwa n'komwe kuti ndi phiri lophulika, mpaka mu Juni 1991 pamene anadzuka ndi kuphulika kumene kunaziziritsa dziko lonse lapansi pang'ono kwa chaka ndi kupitirira. Anthu masauzande ambiri anapulumuka chifukwa panali akatswiri amene anaika makina omvera kugwedezeka kwa nthaka n'kuchenjeza nthawi idakalipo. Rungwe lagona zaka zosakwana 800. Pa moyo wa phiri, kumeneko n'kuwodzera chabe. Akuluakulu anati sudziwa mtima wa moto, ndipo mapiri atatu amenewa, amene azunguliridwa ndi midzi yothithikana, ayenera kumveredwa usana ndi usiku, ndipo zimene zamvekazo ziyenera kumafika ku Karonga ndi ku Chitipa, chifukwa phulusa silidinditsa pasipoti.

Ndinafunsa mayi amene ankatiphikira ngati saopa kukhala pansi pa phiri lotere. Alamu atamasulira, mayiwo analoza nthochi zimene zinali m'mbale mwanga, nafunsa ngati kwathu zimabereka choncho. Sindinawaone ngati osadziwa. Phulusa likawola limasanduka nthaka yachonde koposa, ndipo phiri lomwelo ndi limene limakama mitambo. Walira mvula walira matope. Kwathunso a ku Chigwa cha Shire amabwerera kudimba madzi akaphwa, podziwa bwino lomwe kuti adzabweranso, chifukwa chakudya chili komweko.

Nanga ife okwera timafunako chiyani? Rungwe silotchuka ngati Kilimanjaro. Pamwamba pake palibe chipale, palibe mzere wa anthu odikira kujambulitsa, ndipo tsiku lonse lija sitinakumane ndi gulu lina. Ena amabwera chifukwa cha kipunji, ena mbalame, ena kungofuna kuyesa miyendo. Za ine ndinganene izi. Pa Sapitwa ndimamva kuti ndaima pa chinthu chimene chinatha kupangidwa kalekale, ndipo mtima umakhazikika. Pa Rungwe ndinamva kuti ndaima pa ntchito imene mwini wake wangoisiya kaye. Mizere ija ya m'mbali mwa njira ili ngati masamba a kaundula, wakuda uliwonse ndi zaka mazana za nkhalango ndi mtendere, wotuwa uliwonse ndi masiku ochepa a moto, ndipo mzere wapamwamba penipeni, umene tinkapondawo, ndi wakuda umene sunakwiriridwe. Ndinachita mantha pang'ono, ndipo sindikubisa. Koma sindinayambe ndaonapo udzu, nsungwi ndi nthochi mwa chidwi chotere.

Nditabwerera ku Dedza ndinapita kaye kumudzi kukapereka mpunga wa ku Kyela umene ndinawagulira amayi. Tili pakhonde ndinatulutsa kamwala kaja m'jekete, ndinapempha mdzukulu wawo kuti abweretse beseni la madzi, n'kukaponyamo. Kanamira pang'ono, kenako kanatumphuka n'kumayandama. Ana anakuwa, wina anathamanga kukaitana anzake. Amayi anakatola, anakatembenuza, anakakhula pachikhatho.

"Mwana wanga, mwala uwu wachokera kuti?"

"Ku Tanzania, amayi. Unatuluka m'phiri, uli moto."

"Phirilo likadali ndi moto?"

"Lagona, amayi."

Anakayang'ananso, nati ndi kabwino kokhulira zidendene, ndipo ndiwasiyire. Ndinawapempha kuti ndiyambe ndapita nako kusukulu. Sabata yoyamba ya teremu ndinalowa m'kalasi la Fomu 3 ndi ndowa ya madzi, ndinafufuta bolodi lonse osajambulapo kanthu, ndipo ndinauza mtsikana wa kutsogolo kuti atambasule dzanja.